X-ray ikadutsa pafoni, chimafika mbali inayo nchiyani?

Boma la Blantyre lilibe chipatala chake chachikulu chapaboma ngati chimene chili ku Chiradzulu kapena ku Thyolo. Munthu wa ku Lirangwe kapena wa ku Chileka akakhosomola milungu ingapo osapeza bwino, a dokotala a pachipatala chaching'ono nkufuna kuona m'chifuwa mwake, ulendo umakhala wa ku chipatala cha Mlambe ku Lunzu kapena cha Gulupu m'tauni, pokhapokha galimoto younika TB itafika m'deralo. Akatswiri owerenga zithunzi za X-ray ndi ochepa kwambiri m'dziko muno, ndipo ochepawo ali m'mizinda. Nchifukwa chake kunabuka chizolowezi chimene ogwira ntchito zachipatala akuchidziwa bwino: kunyamula filimu, kuiloza kuwindo, kuijambula ndi foni, nkutumiza pa WhatsApp kwa wina wodziwa kuposa. Chizolowezichi chinabadwa chifukwa cha chifundo ndi kusowa, ndipo nchosafunika kuchinyoza. Koma chimene chimafika mbali inayo si X-ray ija ayi. Ndi chithunzi china, cha manambala ena, ndipo zimene zathothoka panjira ndi zomwezo zimene dokotala amazisakasaka pa matenda ena a m'mapapo. Kuti mfundoyi imveke, nkoyenera kulowa m'kati mwa fayilo ya chithunzi nkufunsa kuti nambala iliyonse m'menemo ikuimira chiyani.

Chithunzi cha pakompyuta kapena pafoni ndi timadontho tambirimbiri tondandalikidwa m'mizere, kadontho kalikonse ndi nambala yake. Pa chithunzi chopanda mitundu, cha kuda ndi kuyera kokha, nambalayo nthawi zambiri imayambira pa 0 kukathera pa 255. Ziro ndi mdima wa bii, 255 ndi kuyera kwa mbee, ndipo pakati pake pali masitepe a kutuwa, onse pamodzi 256. Aliyense amene anaphunzira masamu a kupulaimale anganene kuti 128 ndiye theka, choncho kadontho ka 128 kayenera kutulutsa theka la kuwala kwa kadontho ka 255. Sizili choncho. Mutayeza ndi makina oyezera kuwala, kadontho ka 128 pa sikirini wamba kamatulutsa pafupifupi 22 peresenti yokha. Kuti mupeze theka lenileni muyenera kukwera mpaka pa 188. Kadontho ka 64, kamene mwamasamu kakanakhala gawo limodzi la magawo anayi, kamatulutsa 5 peresenti basi. Si kuti sikirini yawonongeka. Anthu anachita kupangana kuti zikhale choncho, ndipo kupindika kumeneku pakati pa nambala ndi kuwala ndiko amakutcha gamma. Lamulo lake mwachidule ndi ili: gawani nambalayo ndi 255, yankho lake mulikweze ndi mphamvu ya pafupifupi 2.2, ndiye mwapeza kuwala kumene kutuluke.

Chifukwa chopindira manambala chonchi chili m'diso la munthu. M'nyumba yamdima mukayatsa koloboyi mmodzi, nkuwonjezera wachiwiri, aliyense amaona kuti kwawala. Koma pamene payaka kale akoloboyi makumi awiri, kuwonjezera mmodzi palibe amazindikira, chonsecho kuwala kowonjezerako nkofanana ndi koyamba kuja. Diso limayerekeza kusintha ndi kuwala kumene kulipo kale, mfundo imene Ernst Weber ndi Gustav Fechner a ku Germany anaifufuza, Fechner nkuilemba m'buku lake la 1860. Zotsatira zake nzakuti diso limasiyanitsa kwambiri zinthu zoderapo, koma pa zowala limakhala lophonya. Tsono ngati muli ndi masitepe 256 okha, nkupusa kuwagawa mofanana. Mukanawagawa mofanana, mbali yonse yamdima, kuyambira pa kuda bii kufika pa 10 peresenti ya kuwala, ikanalandira masitepe 26 okha, ndipo mithunzi ikanaoneka ya mizeremizere, pamene masitepe ambiri akanathera pa kuyera kumene diso silingakusiyanitse nkomwe. Ndi gamma, mbali yomweyo imalandira masitepe pafupifupi 89. Apa ndiponyepo mawu: ife a khungu lakuda tilibe chifukwa chodana ndi gamma. Nkhope zathu zimagwa mbali yoderayo, kumene gamma imaika masitepe ambiri. Chithunzi cha pasipoti chikatuluka nkhope ili bii, maso okha akuoneka, mlandu kawirikawiri umakhala wa kamera imene yayeza kuwala potengera nsalu yoyera ya kumbuyo, kapena wa wojambula amene sanaunikire nkhopeyo mokwanira.

Mbiri ya gamma ilinso ndi mwayi pang'ono. Ma TV akale aja, olemera, otupa kumbuyo, amene anadzaza m'masitolo pamene Television Malawi inayamba kuulutsa mu 1999, mwa kapangidwe kake sankawala molingana ndi mphamvu ya magetsi olowa. Magetsi akakhala theka, kuwala kunkachepa kuposa theka, mwa mphamvu ya pakati pa 2.2 ndi 2.5. Akatswiri oyambitsa kanema anayenera kupinda chithunzi mbali inayo pojambula kuti TV ikachipindanso chiwongoke, ndipo zinangochitika kuti kupinda kwakeko kunagwirizana bwino ndi mmene diso limaonera. Masikirini a lero alibe chilema chimenecho, koma amachita kuchitsanzira, chifukwa mafayilo onse a dziko lapansi analembedwa mwanjira imeneyo. Pangano limene zithunzi zambiri za pafoni ndi pa intaneti zimatsatira ndi sRGB, limene makampani a HP ndi Microsoft anakonza mu 1996 ndipo linavomerezedwa padziko lonse mu 1999. Kuti ndi pangano chabe, osati chilengedwe, umboni wake ndi makompyuta a Apple, amene anakhala akugwiritsa ntchito gamma ya 1.8 mpaka mu 2009. Zaka zonsezo fayilo imodzimodzi inkaoneka yowalirapo pa Mac, yoderapo pa Windows, manambala ake osasintha ngakhale imodzi.

Apa ndiye pagona nkhani: nambala ya m'fayilo payokha sinena kanthu mpaka mutadziwa pangano limene inalembedwera. A zanyengo, amene ali ndi malo oyezera nyengo pabwalo la ndege la Chileka, amadziwa zimenezi bwino. Pa zithunzi za setilaiti za Meteosat zoyeza kutentha, kuyera sikutanthauza kuwala. Kumatanthauza kuzizira, chifukwa mitambo ikuluikulu yamvula imakwera m'mwamba kozizira kwambiri, ndipo nthaka yotentha ya ku Chikwawa imaoneka yakuda ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Kuchipatala nako nchimodzimodzi. Mafayilo a zithunzi zachipatala amatsatira dongosolo lotchedwa DICOM, ndipo m'dongosolomo muli njira ziwiri zolembera kutuwa: ina nambala yaing'ono imaimira kuda, ina nambala yaing'ono yomweyo imaimira kuyera. Chimene chimauza kompyuta kuti itsate iti ndi mawu olembedwa kumutu kwa fayilo. Pulogalamu ikapanda kuwawerenga, nthiti zimatuluka zakuda, mpweya nkuyera. Pa makina a CT nambala ili ndi tanthauzo linanso, la kulimba kwa chinthu: madzi ndi 0, mpweya ndi -1000, pa muyezo wotchedwa dzina la Godfrey Hounsfield. Choncho fayilo yachipatala imayenda ndi zinthu ziwiri, manambala ndi malangizo owerengera manambalawo. Foni ikajambula filimu kapena sikirini, zonse ziwiri zimatsala.

Makina amakono a X-ray salemba masitepe 256. Ambiri amalemba 4,096 kapena 16,384, ena kuposa apo. Wina angafunse, ndipo funso lake nlomveka: nanga masitepe onsewo ngachiyani poti diso silingasiyanitse zikwizikwi za kutuwa pa nthawi imodzi, ndipo sikirini yomwe singazionetse zonse? Zoona, silingathe. Koma wowerenga X-ray sayang'ana zonse pakamodzi. Amasankha kachigawo ka manambalawo nkukatambasula kuti kadzaze sikirini yonse kuyambira pa kuda kufika pa kuyera. Akafuna kuona mapapo amatambasula mbali yoderayo, akafuna kuona chimene chabisala kuseri kwa mtima kapena kumunsi kwa mapapo amatambasula mbali yoyera. Fayilo imodzi imamupatsa zithunzi zambiri. Chithunzi cha JPEG cha pafoni chimamupatsa chimodzi chokha, chimene foni inasankha yokha, ndipo malo amene anasanduka 255 kapena 0 pojambula sangabwezeretsedwe ngakhale mutakoka motani timabatani towalitsira. Komanso masikirini achipatala satsatira gamma ya 2.2. Ali ndi pangano lawolawo la mu DICOM, lokonzedwa kuti kusiyana kwa sitepe ndi sitepe kuoneke kofanana m'diso kuyambira kumdima mpaka kowala, ndipo amayezedwa nthawi ndi nthawi kuti asasochere.

Tsopano tsatirani ulendo wa filimu ija yalozedwa kuwindo. Kuwala kwa kuwindo sikofanana ponseponse ngati kwa bokosi lounikira mafilimu: kumtunda kuli thambo, kumunsi kuli mtengo wa mango kapena khoma, ndiye papo limodzi lidera kuposa linzake popanda matenda alionse. Kamera ya foni inapangidwa kuti izikongoletsa nkhope ndi maukwati, choncho imadzisankhira yokha kuwala, kuwalitsa malo amdima, kuchepetsa owala, nkuika gamma yake pamwamba pa zonsezo. Imasalazanso timadontho ting'onoting'ono poganiza kuti ndi zinyalala za kamera, kenaka nkunola m'mphepete mwa zinthu zikuluzikulu kuti chithunzi chioneke chakuthwa. Kamera sidziwa kuti timadontho tina ndi matenda. WhatsApp nayo imachepetsa chithunzi kuti chisadye bandulo, ndipo pochepetsa, timadontho toyandikana timaphatikizidwa kukhala kamodzi. Apa gamma imalumanso. Kadontho ka 0 ndi ka 255 tikasakanizika m'diso timapereka theka la kuwala, lomwe ndi 188, koma mapulogalamu ambiri amangowonkhetsa manambala nkugawa pawiri, nkupeza 128. Ndiye kuti tinthu ting'onoting'ono toyera pa malo akuda, ngati momwe zilili m'mapapo, timazilala kuposa mmene tinayenera kuzilalira. Palibe sitepe imodzi mwa izi imene ili yoopsa payokha, koma zonse zimakokera mbali imodzi, yofafaniza zazing'ono ndi zosaoneka bwino.

Wolandirayo nayenso ali ndi vuto lake. Pangano la sRGB linalembedwa poganizira chipinda chowala pang'ono, cha malakisi 64 pa muyezo wa kuwala, pamene panja masana, ngakhale pamthunzi, kuwala kumafika malakisi zikwi zingapo. Munthu akatsegula chithunzi ali pakhonde la chipatala mu Okutobala, kuwala kogwa pagalasi la foni kumakwirira masitepe onse akumunsi, ndipo 10, 20 ndi 30 zimaoneka kuda kumodzi. Nchifukwa chake zipinda zowerengera X-ray zimakhala zamdima pang'ono.

Amene akuyesa kuti izi ndi nthabwala za akatswiri a kompyuta aganizire za madoda a ku Joni. Ndege za bungwe la Wenela zinkanyamula anthu opita ku migodi pakati pa Chileka ndi Francistown mpaka mu 1974, pamene imodzi inagwa ku Francistown nkupha Amalawi opitirira 70, ndipo a Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu ntchitoyo. Pambuyo pake ulendo unayambiranso kudzera ku bungwe la Theba mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Ambiri anabwerako ndi fumbi la miyala m'mapapo, matenda a silicosis, amene amaonekera patapita zaka. Mu 2019 khoti la ku South Africa linavomereza mgwirizano wa R5 biliyoni pakati pa makampani a migodi ya golide ndi anthu amene anagwiramo ntchito pakati pa 1965 ndi 2019, ndipo bungwe la Tshiamiso Trust linakhazikitsidwa kuti lizipereka chipukutamisozi, kuphatikizapo kwa Amalawi. Umboni waukulu wa silicosis ndi X-ray. Pa ndondomeko ya ILO, bungwe loona za ntchito padziko lonse, timadontho ta matendawa timagawidwa potengera kukula ndi kuchuluka kwake, ndipo tating'ono kwambiri sitipitirira mamilimita 1.5. Ndi tomwe tija kamera ya foni imatiyesa zinyalala. ILO itakonzanso ndondomekoyi mu 2011 kuti ikhudze zithunzi za pakompyuta, inanena poyera kuti zisamawerengedwe pa sikirini ya kompyuta wamba kapena pa pepala losindikizidwa. Kwa gogo wa ku Lirangwe amene anasiya unyamata wake pansi pa nthaka ya ku Welkom kapena ku Carletonville, masitepe ochepa a kutuwa angathe kusiyanitsa kulandira ndi kubwerera chimanjamanja. TB ina, yomwazika m'mapapo ngati timbewu ta mawere, imaonekanso mwa timadontho totero.

Otsutsa ali ndi mfundo yamphamvu, ndipo iyenera kulemekezedwa: chithunzi cha pafoni nchabwino kuposa kusowa chithunzi. Fupa la mwendo likathyoka pawiri, madzi akadzaza theka la chifuwa, mtima ukatupa kwambiri, foni iliyonse ionetsa, ndipo dokotala wa ku Gulupu angathe kunena msanga kuti wodwalayo abwere lero lomwe. Pamenepo chizolowezi chija chapulumutsa moyo, ndipo woletsa angakhale wopanda nzeru. Koma taonani kuti mfundoyi imagwira mbali imodzi yokha. Chithunzi cha pafoni chikaonetsa matenda, kawirikawiri matendawo alipodi. Chikapanda kuonetsa, sitinganene kuti palibe, chifukwa sitidziwa ngati kunalibe kanthu kapena kanthuko kanatayika panjira. Ngozi ili pa mawu akuti "palibe vuto, abwerere kunyumba". Munthu wakumudzi akauzidwa kuti anamujambula ndipo m'chifuwa muli bwinobwino, sabweranso msanga. Amapita kwina, kapena amangokhala, uku akukhosomolera ana m'nyumba. Choncho foni ikhale chida choitanira wodwala, isakhale chida chomutsanzikira.

Ena amati posachedwapa nkhani yonseyi itha, chifukwa kompyuta ndiyo izidzawerenga zithunzi, ndipo kompyuta ilibe diso lofuna gamma. Mbali ina akunena zoona, ndipo umboni wake unapezeka ku Blantyre konkuno. Kafukufuku wa PROSPECT, amene ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome motsogozedwa ndi Peter MacPherson anachita pachipatala cha Bangwe nkufalitsa mu 2021, anagwiritsa ntchito pulogalamu ya CAD4TB kuwerenga X-ray za anthu okhosomola, ndipo okayikiridwa ankayezedwa makhololo ndi makina a GeneXpert. Mwa amene anayamba mankhwala a TB, a m'gulu lounikidwa motere ankayamba patangotha pafupifupi tsiku limodzi, pamene a njira yanthawi zonse ankatenga masiku ngati 11. Chaka chomwecho bungwe la WHO linavomereza mapulogalamu otere pounika TB mwa anthu a zaka 15 kupita m'tsogolo. Koma chimene kafukufukuyu akutiphunzitsa nchosiyana ndi zimene otsutsawo akufuna. Pulogalamu ija inkalandira fayilo yochokera m'makina mwachindunji. Mapulogalamu otere amaphunzira poona zithunzi zambirimbiri zolembedwa mwa pangano linalake, ndipo amapereka malikisi osonyeza kuti chithunzicho chikufanana motani ndi cha TB. Mukawapatsa manambala opindidwa kawiri katatu ndi foni, amaperekabe malikisi molimba mtima, osakuuzani kuti chakudya chimene mwawapatsa nchachilendo. Dokotala angathe kudandaula kuti chithunzi sichikuoneka bwino, koma pulogalamu sidandaula. Kubwera kwa kompyuta kukuwonjezera kufunika kwa fayilo yeniyeni, sikukuchepetsa.

Chotsutsa chotsala ndi ndalama, ndipo ichi ndiye chofooka kuposa mmene chimamvekera. Chithunzi cha m'chifuwa cha timadontho 3,000 m'litali ndi 3,000 m'lifupi, kadontho kalikonse mabayiti awiri, chimakwana mamegabayiti 18, ndipo chingathe kupanikizidwa kufika chapakati pake popanda kutaya nambala ngakhale imodzi. Bandulo ya gigabayiti imodzi inganyamule zithunzi zotere zoposa 50. Yerekezani ndi mtengo wa minibasi ya wodwala ndi womudikirira kuchoka ku Lirangwe kupita m'tauni ndi kubwerera. Ngakhale WhatsApp yomweyo, mukatumiza fayilo ngati Document osati ngati chithunzi, imafika yosakhudzidwa. Chovuta chenicheni pamenepo nchina: kumutu kwa fayilo ya DICOM kumakhala dzina la wodwala, tsiku lobadwa ndi zina, ndipo dziko lino lili ndi lamulo la 2024 loteteza uthenga wokhudza munthu. Mafayilo a odwala sayenera kumangoyenda m'mafoni a anthu, pakati pa zithunzi za chinkhoswe ndi magulu a mpira. Yankho lake ndi njira ya unduna wa zaumoyo yotumizirana mafayilo pakati pa zipatala. Sikirini zachipatala nzodula ndithu, koma sizikufunika pa chipatala chilichonse. Zikufunika kumene kumakhala owerenga. Kumene kudakali filimu, bokosi lounikira, chipinda chotchinga makatani ndi kujambula pafupi mbali imene ikukayikitsa zimachepetsa kutayika, ngakhale sizikuthetsa.

Dziko lino lakhala likulandira makina amakono a X-ray, ena a m'galimoto zoyenda m'midzi, ndipo nzoyamikika. Koma makina olemba masitepe zikwi zinayi, chithunzi chake nkukathera pa pepala la printa kapena pa foni ya masitepe 256, ndiye kuti ndalama zambiri zagula chinthu chimene chikutayidwa pakhomo. A unduna wa zaumoyo ndi mabungwe ogula makinawa aziwerengera limodzi njira yotumizira mafayilo, sikirini yoyezedwa kwa wowerenga, ndi maphunziro ochepa kwa ogwira ntchito m'zipatala zing'onozing'ono onena zimene foni ingaonetse ndi zimene singaonetse. Inu amene muli ndi bambo kapena agogo amene anagwira ntchito ku migodi, kapena m'bale wokhosomola kwa nthawi yaitali, mukapita kokajambulitsa funsani ngati angakupatseni fayilo yeniyeniyo pa CD kapena pa fulashi, ndipo filimu mukapatsidwa muisunge m'envulopu yake, posapindika ndi posatentha. Mukauzidwa kuti m'chifuwa mulibe kanthu, funsani mwaulemu ngati a dokotala anaona X-ray yeniyeniyo kapena chithunzi chake cha pafoni, ndipo ngati chifuwa chikupitirira, bwererani mukayezetse makhololo.